Mdala Huber wa pa Kanema

Pell Creek, Nebraska
9 Juni 1974

Leland mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti uli moyo, chifukwa komaliza kukuona unali chafufumimba m'chigwa, chipewa chili potero, kavalo akukununkhiza. Inali filimu ya Loweruka lapitali. Ife kuno tili bwino, kupatula bondo langa ndi pakamwa pa alamu ako a Norbert.

Unalowa m'filimumo ine ndikutsegula maswiti, ndipo pomwe ndimadzutsa mutu anali atakuwombera kale. Mayi Oberg anandinong'oneza kuti, "Si mlongo wanu uja ameneyu? Wanenepa." Alamu ako anangoti, "Bambo wa zaka makumi asanu kumalandira malipiro chifukwa chogona pansi. Ine nditagona pansi m'sitolo angandiitanire dokotala."

Usawatengere, ukuwadziwa. Sabata yatha anakana kuwagulitsa makwerero abusa athu atsopano. Anawayang'ana kumutu mpaka kumapazi, n'kununkhiza mpweya muja amachitira, n'kufunsa kuti, "Mukufuna kuchita nawo chiyani?" Abusa anati akufuna kukwera padenga la tchalitchi. A Norbert anati, "Inu ntchito yanu ndi kutumiza anthu kumwamba, osati kutsogolako," n'kubweza makwererowo kuseri. Abusa anawoloka msewu kukagula ku hadiweya ya Elroy Dunkel, ndipo kwa alamu ako zimenezo n'chimodzimodzi kusintha mpingo.

Chimanga chamera bwino. Mwana wathu Lorna ndi woyembekezera kachiwiri ku Omaha. Iwe chilembere cha Khirisimasi, zii. Kodi ukudya? Nanga mkazi uja wa tsitsi lofiira alipobe? Lemba, ngakhale mizere itatu. Anthu akufa m'mafilimu amathanso kugula sitampu.

Ndine mlongo wako,
Ardith


Los Angeles
21 Juni 1974

Achemwali,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino. Ndili moyo. Kavalo uja sanangondinunkhiza, anandipondanso, koma pamenepo ojambula filimu anadulapo.

Muwauze alamu kuti kugona pansi kumene akunenako ndakuchita zaka zoposa makumi awiri, ndipo si aliyense amakutha. Ndakhalapo wogulitsa mowa, wapolisi wachiwiri, dalaivala wa mbava, mboni imene imafa isanafike kukhoti. Ndaphedwa ndi mfuti, muvi, poizoni, sitima, ndipo kamodzi ndi piyano. Mumsewu anthu amandiimitsa n'kumati, "Ndinakuonani kuti, bambo?" Mayi wina anandikakamira kuti ndine amene ndinamuzula dzino ku Tulsa. Ndinavomera, n'kumulangiza kuti azitsuka mkamwa.

Tsopano khalani pansi. Ndapeza ntchito pa TV, sewero la Lachiwiri lililonse lotchedwa Msewu wa Kumunsi. Liyamba kuoneka mu Seputembala. Ine ndikhala mdala wina wa sitolo, dzina lake Huber. Ndipo achemwali, sindifa. Ndafunsa kawiri, anditsimikizira.

Poyesedwa tinalipo gulu, tonse a nkhope ngati yangayi, yokhala ngati inasiyidwa pamvula. Papepala anangolemba kuti "mdala wovuta." Anzangawo analowa mmodzimmodzi n'kumakuwa. Ine sindinakuwe. Ndinachita zina zimene zinangondibwerera m'mutu, ndipo bwana wa sewero anaseka mpaka kutsamwa ndi utsi wa fodya wake.

Koma za ine zakwana. Alamu ali bwanji? Nkhani ya abusa ija ndaibwereza kangapo. Masiku ano ndimawaganizira kwambiri. Kodi amapanabe mapensulo awiri, khutu lililonse yake? Amati chiyani munthu akabweza katundu? Mundilembere zonse, ngakhale zimene mukuziona ngati zachabechabe. Wa tsitsi lofiira uja anakwatiwa ndi wogulitsa magalimoto, ndiye madzulo ndimakhala ndekha, ndipo nkhani za kwathu ndi zimene zimandisangalatsa.

Mlongo wanu,
Leland


Pell Creek
5 Julayi 1974

Leland,

Tadzuka bwino, kaya iwe. Kalata yako ndinawerengera kukhitchini ndipo ndinalira pang'ono, n'kunamizira anyezi. Chiyambire tsiku lija alamu ako anakupatsa ntchito m'sitolo, iwe n'kukwera basi ya ku California m'mawa mwake, sunawafunsepo kuposa mzere umodzi. Ukalamba ukukufewetsa. Ndinawauza kuti, "Leland akukufunsani." Anati, "Akufuna chiyani?" Ndinawadzudzula kuti asamaganizire anthu zoipa.

Mapensulo akadali awiri, ndipo akafuna kulemba amandifunsa ine kuti pensulo ndaika kuti.

Zobweza katundu wafunsa pa nthawi yake. Mayi Oberg anabweza msampha wa makoswe, akuti sukugwira. A Norbert anati misampha yawo silephera, amalephera ndi anthu. Anatseka sitolo masanasana, kupita kwa mayiwo, kutchera okha, n'kukhala pampando kudikira khoswe. Khoswe anatuluka, anawayang'ana, anadya tchizi, n'kubwerera kwawo osathamanga. A Norbert ananyamula msamphawo kuti aone chavuta, ndipo m'pamene unagwira. Anafika kunyumba chala chili ngati soseji, n'kuti, "Ndinanena ine kuti umagwira."

Koma popeza wafunsa ndi mtima wabwino, ndikuuze chimene sadziwa wina aliyense, ngakhale Lorna. M'mawa asanapite kusitolo amalowa m'dimba kuseri, amagwada pakati pa matimati, n'kumawaimbira. Ndi kanyimbo ka Chijeremani kogonekera mwana, kamene ankaimba malemu mayi awo, amene anawasiya ali aang'ono. Mawu ake ngati chitseko cha garaja, koma amaimba mpaka kumapeto, kenaka amagwira tsamba limodzi n'kuti, "Basi, kulani." Ine ndimaonera pazenera la kubafa, iwo osadziwa. Anthu amandifunsa kuti ndimakhala nawo bwanji bambo amenewa. Yankho ndi limenelo, koma silouza munthu. Ukawerenga ung'ambe.

Ardith


Pell Creek
11 Seputembala 1974

Leland,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatilera bwino, osati chifukwa ukuyenera.

Dzulo tauni yonse inasonkhana mu holo ya tchalitchi. Abusa anabwereka TV yaikulu, amayi anabweretsa makeke, ana asukulu analemba chinsalu chakuti MWANA WA PELL CREEK. Ine ndinavala diresi yanga ya buluu. Alamu ako anavala tayi, akudandaula.

Sewero linayamba ndi mnyamata uja wokongola akukangana ndi mkazi wake za denga lodontha. Kenaka mnyamatayo analowa mu hadiweya kukagula nyundo. Kuseri kwa kauntala kunadzuka munthu, pensulo khutu ili, pensulo khutu ilo. Anamuyang'ana mnyamatayo kumutu mpaka kumapazi. Ananunkhiza mpweya. "Mukufuna kuchita nayo chiyani?"

Mu holo mitu yonse inatembenuka pang'onopang'ono ngati mpendadzuwa, kuloza benchi lathu. Ine ndinkapempha kuti pansi pang'ambike ndilowe. Kenaka ndinamva benchi likugwedezeka. Ndinati basi, sitiroko. Ayi ndithu, a Norbert ankaseka. Kuseka kwenikweni, misozi ili mbwembwembwe, uku akumenya bondo. Anandigunda ndi chigongono n'kufuula kuti, "Mayi a Lorna, mwamuona? Ndi Elroy Dunkel ameneyu! Wamutenga yense!"

Elroy anali kumbuyo, keke ili mkamwa. Atati ayankhe, mkazi wake anamuponda phazi. Pofika lero tauni yonse yagwirizana, popanda kuitanitsa msonkhano, kuti Huber ndi Elroy. Mwini wakeyo wavomera kusenza mtandawo. Akuti kuona Norbert Tesch akudziseka yekha Lachiwiri lililonse ndi mphatso imene sanailotepo.

Ndiye ndi zimenezi unkandifunsira? Ine kulira kukhitchini, iwe ukukolola? Chitsiru chokalamba ndine. Tamvera bwino. Za makwerero, za msampha, zapita, tenga. Koma za kudimba usayerekeze. Undiyankhe msanga kuti wamva.

Ardith


Pell Creek
14 Okutobala 1974

Alamu,

Ndine Norbert. Tili bwino. Mvula yachepa.

Sindinakulemberenipo kalata, ndipo iyi ikhala yaifupi. Ndinkati ntchito yanu ndi ya alesi. Ya Huber iyi ndi ntchito. Elroy ndayang'anizana naye zaka makumi atatu, ndipo ndinkayesa kuti ndine ndekha ndimaona khalidwe lake. Inu mwamuonetsa dziko lonse. Zikomo.

Nkhani ya msampha sabata yatha inandidabwitsa, chifukwa zoterozo zinandichitikirapo inenso. Zikuoneka kuti misampha ya chaka chino ili ndi vuto. Ndawalembera a kufakitale.

Ndikuthandizeni zina za Elroy zimene mwina simukuzidziwa. Savomera kuti walakwa. Ukamufunsa funso amayankha ndi funso. Kasitomala akamutsutsa amamutsatira mpaka pagalimoto. Mkazi wake ndi woyera mtima, kaya amapirira bwanji.

Kununkhiza mpweya kuja mukuchulutsa. Palibe munthu amatero.

Achemwali anu akuti simunawayankhe. Ayankheni. Akupsereza nyama tsiku lililonse ndipo sakunena chifukwa.

N. Tesch


Los Angeles
16 Disembala 1974

Achemwali ndi alamu,

Khirisimasi yabwino. Malalanje ali m'bokosiwa ndi a mumtengo wa eni nyumba, adyeni asanawerenge. Ntchito yachuluka ndipo sewero likukondedwa. Dzulo m'basi mwana wina anandiloza n'kufuula kuti "Huber!" Aka n'koyamba kuti munthu adziwe kumene anandiona.

Makalata anu onse ndinalandira. Ndidzayankha bwinobwino chaka chikatembenuka.

Leland


Pell Creek
16 Febuluwale 1975

Leland,

Sindikufunsa ngati uli bwino. Ndinakuona Lachiwiri, unali bwino kwambiri.

Kunja kunali chipale chofewa mpaka m'mawondo, koma holo inadzaza monga mwa masiku onse. Alamu ako anakhala kutsogolo, okonzeka kumuseka Elroy. Ndiye Huber anatseka sitolo, anazungulira kuseri, anayang'ana uku ndi uku, n'kugwada pakati pa matimati. Unaimba nyimbo yonse, Leland. Mawu omwewo, kusasa komweko. Unagwira tsamba. "Basi, kulani."

Palibe anaseka. Mayi Oberg ankapukuta m'maso. Koma aliyense mu holo muja amadziwa kuti Elroy alibe dimba, ndipo Chijeremani sadziwa ngakhale moni.

A Norbert anaonera mpaka mayina a ochita sewero atatha kuyenda pa TV. Kenaka anaimirira, anavala chipewa, anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kutuluka. Sanabwere kunyumba. Akugona pa kabedi ka msasa kobwereka kwa abusa, kuseri kwa sitolo, pakati pa zitini za utoto. Ndikawapititsira chakudya amati, "Zikomo kwambiri, Mayi Tesch." Mayi Tesch! Ine!

Choopsa kwambiri n'chakuti asanduka aulemu. Mapensulo achotsa. Kasitomala akalowa amamwetulira, ndipo kumwetulira kwake ana akuthawa. Safunsa funso lililonse. Abusa anawayesa dala, anapempha makwerero aatali kuposa onse, ndipo a Norbert anati, "Ndikunyamulireni?" Abusa anabwera kwa ine kudzafunsa ngati tiyambe mapemphero. Elroy akuti akutaya chilakolako cha chakudya, alibe wokangana naye.

Ukhoza kuseka, nanenso mwina ndidzaseka tsiku lina. Koma ndakhala ndi bambo amenewa zaka makumi atatu ndi ziwiri ndipo sitinagonepo nyumba zosiyana. Usiku nyumbayi ilibe mkonono, ndipo ine tulo sitibwera. Ndinakuuza kuti ung'ambe.

Ardith


Los Angeles
24 Febuluwale 1975

Achemwali,

Ndilibe mawu okongola. Gawo la kudimba tinajambula mu Ogasiti, kalata yanu yondiletsa isanafike. Itafika ndinapita kwa bwana kukapempha kuti alichotse. Anati ndi gawo labwino kuposa onse, n'kundipatsa ndudu. Ndinaopa kukuuzani, ndiye ndinatumiza malalanje.

Olemba sewero amadya nane masana. Ine ndimangofotokoza za alamu, iwo n'kumalemba pa timapepala topukutira pakamwa. Tsiku lina anati Huber ndi wouma kwambiri, anthu atopa naye, alibe mtima kodi? Ndinati ali nawo, ndipo pakamwa panga panatseguka. Sindinafune kuwaseketsa anthu, achemwali. Moyo wanga wonse ndimapatsidwa chipewa ndi mizere iwiri. Aka kanali koyamba kupatsidwa munthu wathunthu, ndipo ndinaiwala kuti ali ndi mwini wake.

Makalata abwera thumba lonse. Bambo wina wa ku Ohio akuti anaimbira foni mchimwene wake amene sanalankhulane naye chiyambire nkhondo. Ndikudziwa kuti zimenezo sizibweza alamu kunyumba.

Ndiye ndachita chimene ndimachidziwa. Pangano langa silindilola kungochoka, koma Huber akhoza kufa. Ndakangana ndi bwana masiku atatu, wavomera, akuti maliro amakoka anthu. Tijambula pakati pa Malichi. Huber adzagwa kuseri kwa kauntala akukangana ndi kasitomala, ndipo Lachiwiri lidzabwerera kukhala tsiku wamba ku Pell Creek.

Musandidandaule. Kufa ndi ntchito yanga yakale.

Leland


Pell Creek
12 Malichi 1975

Leland,

Mwachangu, wa positi akudikira. Kalata yako inachedwa ndi chipale, yafika dzana. Ndinaiika pansi pa mbale ya chakudya chawo n'kuisiya pa kauntala, ine n'kuima panja kumasuzumira.

Anaiwerenga ataimirira. Anaibwerezanso. Kenaka ndinaona mphuno ikukwera, n'kununkhiza mpweya, koyamba m'mwezi wathunthu. Ndinatsala pang'ono kuimba aleluya mumsewu. Anatuluka n'kundipeza, ndipo anati, "Wawapatsa ndani chilolezo chondipha?"

Ndinati, "Si mumafuna kuti zithe?" Anati, "Ndinanena ine zimenezo?" Ndinati simunanene chilichonse chiyambire Febuluwale. Anati imeneyo si nkhani.

M'mawa uno akwera basi. Munthu amene sanadutsepo Omaha. Atenga sutikesi ya ukwati wathu ndi bokosi la zipangizo, kaya akukakonza chiyani. Makiyi a sitolo asiyira ine, akuti ndisagulitse kanthu kwa munthu amene sindinamufunse.

Akafika usawapatse tsabola. Ndipo ngati akubwera kudzakumenya, uime bwino, ukuyenera.

Ardith


Los Angeles
20 Malichi 1975

Mayi a Lorna,

Ndinafika. Basi ndi yoipa. Dziko ndi lalikulu mopanda chifukwa.

Mlongo wanu amakhala chipinda chimodzi pamwamba pa malo ochapira zovala. Makina akayamba pansi, bedi limayenda lokha. Ali ndi mpando umodzi, poto mmodzi, ndi foni imene amaiyang'ana ngati mwana wodwala. Ine ndinkayesa kuti a mafilimu amakhala m'nyumba za zipilala.

Ananditengera kuntchito kwawo. Ndinamupeza bwana wawo, kamunthu ka malaya a maluwa. Ndinati ndabwera kudzaletsa maliro. Anandifunsa kuti ndine ndani. Ndinamuyang'ana, ndipo mwina ndinapuma mwamphamvu pang'ono. Anaseka n'kuti, "Ambiri amayesa kutengera Huber, bambo, koma inu mukuchulutsa." Ndinati ndine mwini wake. Anati onse amatero. Akuti mapepala anasainidwa, bokosi la maliro anabwereka kale, ndipo m'malo mwa hadiweya aikamo sitolo yogulitsa mbalame. Ndinamutsatira mpaka pagalimoto. Sizinathandize.

Ndiye ndinakhala pampando kuonera imfa yanga. Sitolo yawoyo ndi yabodza, madirowa ndi ojambula ndi utoto. Koma simenti ndi yeniyeni. Alamu anagwa. Wina anati nyali sinali bwino, adzuke. Anagwanso. Ntchentche inadutsa. Anagwanso. Mnyamata wokongola uja anaseka pakati. Ndinasiya kuwerenga. Ulendo uliwonse ankagwira kauntala, kuyang'ana mashelefu ngati akuwatsanzika, pensulo imodzi n'kugwa yokha. Ulendo womaliza ndinaona kuti fumbi landilowa m'maso. Kumeneko kuli fumbi lambiri.

Madzulo anakhala pabedi, mawondo atatupa, akuika madzi oundana. Ndinati, "Mukatha apa mupita kuti?" Anati, "Kudikira foni." Ndinati, "Ikalira?" Anati, "Ndikafa kwina." Ndinati ndi uchitsiru kutaya ntchito yokhazikika chifukwa cha matimati. Anati, "Ntchito zimabwera, alamu. Achemwali ndili nawo amodzi." Ndinakonza chitseko chawo, chimakhula pansi.

Mawa tijambula maliro. Akusowa anthu oima kumanda, ndiye andipatsa jekete lakuda. Ndikhala munthu woyamba m'banja la Tesch kupezeka pa maliro ake ataimirira.

Tsopano za zenera la kubafa. Ndinkadziwa kuyambira kalekale. Katani imagwedezeka, ndipo inu mumatsokomola. Ndinkaimbira matimati, koma ndinkadziwa kuti pali womvera mmodzi, ndipo mmodziyo ankandikwanira. Chinandiwawa n'chakuti tsopano dziko lonse lamva. Koma ndamva mmene alamu amaimbira potengera ine, ndipo ngati mawu anga ndi otero, munapirira zambiri. Tafanana.

Ndifika Lachitatu. Kabedi ka msasa kaja mukabweze kwa abusa.

Norbert


Pell Creek
15 Meyi 1975

Leland mlongo wanga,

Tili bwino tonse, ndipo Lorna akuti ndikuuze kuti kamwana kayamba kukwawa. Mawondo ali bwanji? Ndamva kwa alamu ako kuti foni inalira, akuti ukhala mlonda wa ndende. Sindifunsa kuti zikuthera bwanji.

Dzana tinaika maliro a Huber. Palibe anapangana, koma amayi onse anafika ku holo atanyamula mbale zovundikira, monga timachitira pakagwa zovuta. Ena anavala zakuda. Abusa anatsegula ndi pemphero, n'kusokonezeka pakati posadziwa kuti apempherere ndani.

Unagwa bwino, Leland. Pensulo ija itagubuduzika pansi, Mayi Oberg analira mokweza mpaka tinawatulutsa panja. Kenaka kumanda, kuseri kwa ambulera ya mayi wina, kunaoneka theka la nkhope ndi khutu limodzi, diso likuyang'ana kamera mwaukali ngati yabweza katundu. Holo yonse inaimirira kuwomba m'manja. A Norbert anati, "Khalani pansi, ndi maliro ano."

Zitatha, Elroy Dunkel anabwera akumina m'kansalu, maso ali psuu. Anagwira dzanja la alamu ako ndi manja awiri n'kuti, "Norbert, ndidzakusowa." A Norbert anati, "Ndili pano, chitsiru iwe. Ndipo utoto umene ukugulitsa ndi madzi okhaokha." Elroy anati, "Wako ndi phala." Anakangana mpaka makeke anatha, onse awiri nkhope zikuwala.

Alamu ako analawa mbale iliyonse, n'kumandinong'oneza kuti uyu walira zenizeni, uyu wangobwerera chakudya. Akuti anthu anali ochepa kuposa mmene ankayembekezera. Ndinati holo inadzaza mpaka pakhomo. Anati akunena za ku California.

Pobwerera kunyumba tinayenda mpaka pa ngodya ya positi. Kenaka anati, "Mayi a Lorna, tsiku langa lenileni likadzafika, musadzalole kuti aimbe mothamanga ngati muja." Ndinati chabwino. Ndiye anandigwira dzanja, mumsewu, a Methodisti akuona.

Ubwere mu Ogasiti. Chipinda cha Lorna chilibe munthu, ndipo bedi lake siliyenda. Ubwere ndi njala, koma maso ako akuba aja uwasiye komweko.

Ndine mlongo wako,
Ardith

Alamu, achemwali anu andisiyira malo pang'ono pansi pano. Ndakhala ndikuganiza za tsiku lija pa simenti. Munafa bwino. Ine ndekha sindikanatha choncho.

N. T.